Kachidutswa ka Korali Kokana Kugwira Pamwala

Malotowa sakundichoka m'mutu. Ndinalota ndili m'kati mwa thanki yathu yagalasi ya madzi amchere yowetamo nsomba, nditachepa ngati chala. Ndinanyamula kachidutswa ka korali kamene kamangomatuka pamwala, kanthu kamoyo ka m'nyanja komera ngati kamtengo, kamene ndakhala ndikuopa kuti kandifera. Ndinakapaka guluu n'kukakanikiza pamwalapo osagwedezeka, monga ndimachitira. Guluuyo ankanunkhira uchi. Kenako kanagwira! Kanaphuka nthambi zofiirira ndi zobiriwira, zikundigirigisha m'khwapa, nsomba zikululutira ngati pa ukwati. Ine kuseka, thovu likutuluka m'kamwa. Kaya ndiye kuti kachira, kaya.

Ndinadzidzimuka nditakanikiza phewa la mkazi wanga.

"Bambo a Chisomo, sindine mwala ine," anatero.

"Pirirani pang'ono, mayi," ndinayankha. "Guluu sanaume."