Kanayi pa Zaka Ziwiri

"Ndiye mukuti ndingokhala chete?"

"Ndikuti usanyoze aphunzitsi patebulo panga," anatero a Orest Kowalchuk, akukankha mbale ya mbatata. "A Halvorsen ndi munthu wabwino. Thirakitala yathu anatiwotcherera ulere, waiwala?"

"Thirakitala anaithandiza, Bambo. Ine ayi."

Marnie, mwana wawo, anali m'chaka chomaliza cha sekondale. Maloto ake anali amodzi: kukaphunzira kuwotcherera zitsulo ku koleji ya ku Moose Jaw. Ankaukonda moto wabuluu uja, wothetheka ngati nyenyezi zikugwera m'manja mwa munthu. Koma kolejiyo inkafuna fomu yosainidwa ndi mphunzitsi, yotsimikiza kuti wophunzirayo amatha kulumikiza zitsulo. Kutatsala masabata atatu kuti mafomu atsekedwe, a Halvorsen anakana kusaina. Akuti dzanja lake linali lisanakhwime.

"Ku nkhokwe za tirigu akufuna kalaliki," anatero bambo akewo. "Mofunda bwino, mopanda utsi. Nkhope ikhala yosalala."

"Nkhope yanga yakulakwirani chiyani?"

Apo n'kuti Mayi Delorme, neba wawo, mphunzitsi wopuma pa ntchito, ataima pakhomo ndi fosholo yokokolera chipale chofewa imene anabwereka dzulo lake.

"Phokoso lanuli likumveka mpaka kumsewu," anatero. "Marnie, mwana wanga, zaka ziwiri m'kalasimo iwe unkatani?"

"Ndinkalemba."

Anafotokoza. Ophunzira analipo khumi ndi awiri, zisoti zotchingira kumaso zisanu ndi chimodzi zokha, ndipo mmodzi ankayenera kulemba m'kope amene wawotcherera tsikulo. Tsiku loyamba a Halvorsen anaona zolemba zake n'kuseka: "Anyamatawa amalemba ngati papalasa nkhuku. Kope ndi lako, Marnie." Iye ananyadira. Kunyada kwa zaka ziwiri, atakhala pampando, akuyang'ana moto wa anzake.

"Usakakangane nawo," anatero Mayi Delorme. "Katenge kopelo. Mawa tipitire limodzi, ndi inunso a Orest. Thirakitala siithawa."

M'mawa mwake anawapeza a Halvorsen akukonza waya m'chipinda chowotcherera. Mayi Delorme anaika kope patebulo.

"Tawerengani dzina la mwanayu, mnzanga."

A Halvorsen anayamba kutsegula masamba akumwetulira. Dale, Dale, Curtis, Dale. Pofika pakati kumwetulira kunali kutatha. Dzina la Marnie linapezeka kanayi. La Noreen, mtsikana winayo m'kalasimo, katatu, chifukwa iye ntchito yake inali kusesa tizidutswa ta zitsulo.

"Sindinamuletsepo," anatero chapansipansi. "Sanapemphe. Anyamatawa amachita kulimbirana zisotizi."

"Ndipo inu mumapereka kwa wofuula," anayankha Mayi Delorme. "Inenso ndinachita zomwezo zaka makumi atatu, ndikuganiza kuti ndikuwalemekeza atsikana. Mphunzitsi asadikire kuti mwana alimbirane. Udindo wake ndi kuonetsetsa kuti mtsikana ndi mnyamata agwira chida mofanana. Kumulowetsa m'kalasi sikokwanira ngati manja ake akhala pa kope."

A Orest anayang'anitsitsa masamba aja. Zolemba zokongola zedi, zoongoka, za mwana wawo, zodzaza mayina a ana a eni ake.

Marnie sanamve kukoma kulikonse. Zaka ziwiri sizibwerera chifukwa munthu wachita manyazi.

A Halvorsen anapukuta manja pa ovolosi yawo. "Kuyambira lero tizisinthana. Aliyense tsiku lake pa moto, aliyense tsiku lake pa kope, tsachenso chimodzimodzi. Iwe Marnie uzibwera nthawi ya nkhomaliro masabata atatu onsewa. Zitsulo zikagwirana, ndisaina." Anatola choko n'kumutambasulira. "Tatilembera ndandandawo pa bolodi, poti iwe umalemba bwi..."

Anazindikira kuti akubwereza zomwezija. Mayi Delorme anatseka maso.

Marnie anayang'ana chokocho, kenako khoma limene panapachikidwa zisoti zisanu ndi chimodzi, zakuda, zonunkha utsi.

"Lembani nokha, aphunzitsi, ngakhale zikhote," anatero. "Ine ndikufuna chisoti. Ndikufuna moto. Panopa, belu lisanalire."