Chikwangwani cha pa Chigayo cha ku Zingalume

Ku Lusaka, kasitomala aliyense amafuna kudziwa koleji imene ndinaphunzirako kupanga mawebusaiti. Funsoli limanditopetsa. Dipuloma ndilibe. Ndinadziphunzitsa ndekha pa laputopu yakale, kuonera mavidiyo mpaka maso kuwawa.

Mwezi watha ndinapita kwathu ku Chadiza. Ndikupalasa njinga kulowera ku Zingalume, ndinaona chikwangwani cha pa chigayo chimene malemu atate analemba ndili mtsikana wamng'ono. Utoto wofiira uja unasuluka, koma zilembo zimawerengekabe uli patali.

Atate ankalemba zikwangwani za magolosale ndi zigayo. Akamaliza, ankandikweza pangolo ya amalume, n'kuwauza kuti adutse pamsewu osaima.

"Elinati, wawerenga chiyani?" ankafuula motero.

Ndikangododoma, ankafufuta zonse n'kuyambiranso. Ine ndinkalusa, chifukwa wosakanizanso utoto padzuwa ndinali ine.

"Usatupe masaya," ankatero. "Palibe munthu angaimitse ng'ombe zake kuti awerenge chikwangwani chako."

Mpaka lero, ndikamaliza tsamba la webusaiti, ndimaimika foni patebulo n'kudutsa mofulumira. Ndikalephera kuwerenga, ndimayambiranso. Anzanga a madipuloma amandiseka. Aseke.

Tsikulo ndinaima pachigayopo nthawi yaitali, mpaka mwini wake anatuluka, ufa uli mbuu m'tsitsi.

"Amayi, mulibe chimanga, mulibe thumba. Mukufuna ndani?"

Ndinaloza chikwangwanicho.

"Palibe, abambo. Ndangobwera kudzaona koleji yanga."