Nkhono za m'Thumba la Malsun

Malsun sukulu anaisiyira panjira, koma nkhono zake ankazidziwa. Tsiku limenelo atakokera kumtunda thumba lake la ukonde, anapezamo zikuluzikulu zimene dzanja lake silinazigwire. Iye anali atamira kangapo chabe, chifuwa chikumuthina, kenako n'kumangoyandama atakumbatira chipanda chake choyandamira ngati akuonera mitambo.

Mwambo wake ankaudziwa. Pakati pa amayi omira m'nyanja a pa chilumba cha Jeju, mnzanu akafooka simumuuza. Mumangoponya nkhono m'thumba mwake iye akuyang'ana kumbali. Malsun yemweyo anachitira ambiri zimenezi, ndipo onsewo sanachedwe kusamukira kunyanja ya agogo, kagombe kosaya kamene amasungira okalamba okha.

Anakakhuthula thumbalo mumpanda wamiyala momwe amayi amavuliramo zovala zamphira ndi kuwotha moto.

"Wandipatsa izi ndani?"

Aliyense anatanganidwa ndi kufinya tsitsi.

"Zakwawiramo zokha," anatero Okja, mnzake wa kuubwana. "Zinamva mawu ako, zinaona kuti bola kudzipereka."

"Iwe khala chete, mano ako angagwere pamoto. Ndati ndani?"

"Ndine, amayi," anayankha Miran, mwana wake wotsiriza.

"Yopindikayo ndi yanga," Okja anawonjezera. "Usamudye yekha mwanayu."

Malsun anayang'ana mwana wake kuyambira kumutu mpaka kuphazi. "Ndakupempha? Ndinakubereka nditangovuuka m'madzi omwewa, tsitsi lisanaume. Lero ndakhala wopemphetsa?"

"Simunapemphe ayi." Miran ankalankhula maso ali pa zala zake. "Koma mluzu wanu wopumira mukavuuka ukuchedwa masiku ano. Mukamira, ine sinditsika mpaka mutavuuka ndimve mwaliza. Ndikatsika, maso ali kumwamba kufunafuna miyendo yanu. Dzana ndinaiwala kuti mpweya wandithera. Anandikoka ndi azakhali awa, a Okja."

Malsun anatembenukira kwa Okja. Ulendo uno Okja analibe nthabwala.

Womira wa mitima iwiri nyanja imamudya. Mawu amenewa Malsun anawakhomerera m'mutu mwa Miran ali kamtsikana, nthawi zina ndi khofi yemwe. Chifuwa chakecho akanakangana nacho mpaka chaka chamawa, monga ankakanganira ndi ogula nkhono padoko. Koma uyu anali mwana. Anatola nkhono imodzi, anaitembenuza, anaibweza pansi.

"Chabwino. Koma kunyanja ya agogoko sindipita ulele."

"Yayambika," anatero Okja.

"Malo anga pano, mbali yosabwera utsi, ndi anga mpaka mudzandinyamule."

"Ndani angawalimbe mtima?"

"Malo anga m'boti akhala a Miran, osati mpongozi wako wamanthayo. Ndipo mwala wanga wa nkhono uja wa kuseri kwa chilumba ndimulozera yekha. Wina akamutsatira, ndimva."

"Mwala umene aliyense amaudziwa uja?"

"Mumaudziwa pamwamba. Kunsi kwake simukudziwa." Anakankhira nkhono zija kwa mwana wake ndi phazi. "Tenga katundu wako. Ndipo usalire, madzi amchere tamwa okwanira."

M'mawa mwake boti linanyamuka popanda iye. Sanaliyang'ane. Anachotsa zitsulo zingapo zolemeretsa pa lamba wake womirira, n'kuyenda pansi kupita kunyanja ya agogo. Anapeza agogo a Sundeok, wamkulu wa onse, atakhala pamwala akupukuta galasi lakumaso lomirira ndi masamba.

"Wafika, mwana? Tinakusungira malo kalekale."

"Awa ndi madzi kapena beseni losambitsira khanda?"

"Lowa kaye, uzinyoza uli momwemo."

Analowa. Pansi panali pafupi, kuwala kukufika mpaka pamchenga, ndipo chifuwa sichinadandaule. Atavuuka, mphepo inamubweretsera mluzu wochokera kutali. Anaudziwa, unali wa Miran: wautali, wosathamanga, wa munthu amene watsika ndi mtima umodzi.

Dzuwa lisanafike pamutu, thumba lake linali litalemera. La agogo a Sundeok linali lopepuka ngati chisa. Malsun anadikira kuti nkhalambayo imire pansi, anasankha nkhono yonenepa n'kuiponyamo, kenako anayamba kuonera mitambo.

Agogowo atavuuka anagwedeza thumba lawo.

"Malsun, wandipatsa iyi ndani?"

"Yakwawiramo yokha. Tiyeni, mafunde akubwera."