Owerenga a pa Khonde la Telala

A Mateyo Mulipa anali mphunzitsi mpaka chaka cha 1976, pamene amuna atatu ovala masuti anawatulutsa m'kalasi choko chili m'manja. Mlandu wawo unali mabuku. M'busa wina wachikuda wochokera ku Amereka, amene anadzacheza ku mpingo wa ku Mbombwe, anawasiyira mabuku angapo onena za anthu akuda a kwawoko: momwe ankawagulitsira ngati mbuzi, momwe ankawakanizira kukhala mpando umodzi ndi mzungu m'basi, ndi momwe anayendera m'misewu osanyamula ngakhale mwala mpaka malamulo anasintha. A Mateyo anabwereketsa limodzi kwa mphunzitsi mnzawo, ndipo bukulo linakafika kumene sanalitume.

Anakhala m'ndende zaka zinayi osapondako kukhoti. Anatulukamo mano akutsogolo atatha, mwendo wamanzere akuchita kuukoka, ndipo ntchito sanawabwezere. Anabwerera kwa akazi awo, a Anjelina, ku Ndunde, nkuyamba kulima chimanga ndi nyemba ngati wina aliyense.

Boma litasintha mu 1994, a Anjelina anawatengera kuseri kwa khola la mbuzi nkuwapatsa khasu kuti akumbe. Pansipo panali mtsuko wovundikira ndi mbale, womata bwino ndi phula. Mayiwo anafotokoza kuti tsiku lomwe amuna awo anagwidwa, iwo anatentha manyuzipepala akale pabwalo kuti anthu aone utsi, koma mabuku enieniwo anawakwirira. Chingerezi sankachidziwa. Anangoganiza kuti chinthu chimene munthu wamangidwira sichitayidwa. Mabuku awiri anali atawola ndi chinyontho, koma anayi ankawerengeka. A Mateyo anakhala pansi pomwepo, ndipo a Anjelina anawasiya okha nkukaphika.

A Mateyo sanafune kuwerenga okha. Anapempha telala wina wa pa Njuli kuti awabwereke khonde la shopu yake Loweruka lililonse masana. Ankakhala pa benchi, kuwerenga ndime m'Chingerezi, kenako kuimasulira m'Chinyanja. Poyamba anthu ankaima chapatali, akucheuka uku ndi uku, chifukwa mantha anali asanawathere. Kenako anayamba kuyandikira. Akamva za minda ya thonje ya ku Amereka, akuluakulu ankagwedeza mitu nkunena za makolo awo, amene anathawa chikoti cha Apwitikizi ku Mozambiki nkudzapeza thangata m'minda ya azungu kuno. A Mateyo ankawauza kuti mabukuwo mfundo yake ndi imodzi: munthu aliyense, wakuda kapena woyera, wolemera kapena wamasanza, asalangidwe asanamvedwe.

Mwa onse, amene sankajomba anali Greyson, wopalasa kabaza, bambo wa ana atatu. Sukulu anailekeza mu Sitandade 7, koma anali ndi mutu wabwino ndiponso mafunso ovuta. Tsiku lina a Mateyo atawerenga za azungu amene anapachika munthu wakuda pamtengo popanda mlandu, Greyson anafunsa kuti kodi m'gulu lonselo munalibe munthu ngakhale mmodzi wopemphera? Madzulo ankawanyamula pa njinga yake kuwaperekeza, osafuna kalikonse. A Mateyo ankauza akazi awo kuti akadzamwalira, mabukuwo adzapatsidwe kwa Greyson.

Zaka zinapita, ndipo anthu anayamba kutopa. Feteleza anakwera, ntchito kunalibe, umbava unachuluka. Mbuzi zinkasowa m'makola, malata ankafumulidwa pa matchalitchi. Anthu ankati wakuba ukamupereka kupolisi lero, mawa ukumana naye pamsika atatuluka pa belo. Mawu akuti ufulu wachibadwidwe anasanduka choseketsa, ndipo ena ankawatchula a Mateyo kuti loya wa akuba. Pa khonde panatsala anthu ochepa.

Mu 1999 njinga ya Greyson inabedwa pakhomo la chigayo. Anaifunafuna mpaka ku Mpama, osaipeza. Anayamba kuyendera maganyu, ndipo mwana wake wamkulu anasiya sukulu. Pa khonde ankabwerabe, koma mafunso analeka.

Loweruka lina a Mateyo akutsegula buku, kumsika kunamveka phokoso. Anthu a pa benchi anadzuka nkuthamangira komweko, ndipo iwo anawatsatira pang'onopang'ono ndi mwendo wawo uja. Anapeza munthu wamwamuna atamukhazika pansi, malaya atang'ambika, magazi akutuluka m'khutu. Pambali pake panagona njinga yakuda. Munthuyo ankabwereza kuti dzina lake ndi Job, wa ku Mpama, ndipo njingayo anabwereka kwa alamu ake. Palibe amene ankamumvera. Wina anali atabweretsa kale tayala lakutha.

A Mateyo anadzipanikiza mpaka kufika pakati. Anatambasula manja nkuyamba kulankhula, kupempha kuti munthuyo apite kupolisi, alamu akewo aitanidwe. Mawu awo ankatuluka mopanda mphamvu chifukwa cha mano aja. Ndiye anaona kuti amene wanyamula botolo la palafini ndi Greyson.

"Greyson, mwanawe," anatero. "Kodi njingayi ndi yako?"

"Yanga inali yotereyi."

"Waona nambala yake?"

Greyson sanawayang'ane kumaso. "Aphunzitsi, chokanipo. Ana anga akudya kamodzi patsiku. Za m'mabuku zija nza ku Amereka."

Anyamata awiri anawanyamula m'khwapa, mwaulemu ndithu, nkukawakhazika pa mulu wa njerwa kutali ndi gulu. Ali pamenepo anamva kukuwa kwa Job, ndipo patapita kanthawi sanakumvenso. Utsi wakuda unakwera pamwamba pa misasa ya msika. Mayi wina wogulitsa tomato anavundikira tomato wake ndi chitenje kuti asade ndi mwaye.

Apolisi atabwera kudzafunsa, panalibe amene anaona kanthu. A Mateyo okha ndi amene anapita kukapereka umboni, koma atafunsidwa kuti anayatsa moto ndani, ananena zoona kuti sanaone. Dzina la Greyson linawafika pamlomo. Anakumbukira mkati mwa ndende, anakumbukiranso ana atatu aja, nkulimeza. Za njinga ija sizinadziwike bwino. Ena ankati alamu a Job anabwera nkuizindikira kuti ndi yawo, ena ankati ayi.

Loweruka lotsatira anapita ku khonde chifukwa sanadziwe choti achite china. Anapeza Greyson atakhala kale pa benchi, atasamba bwinobwino, manja ali pa maondo. Greyson anawapatsa moni nkuwakumbutsa mutu umene analekezera. A Mateyo anatsegula buku, nkuwerenga ndime yonse m'Chingerezi, koma itafika nthawi yomasulira, Chinyanja chinawathawa. Anatseka bukulo, anathokoza telala, nkubwerera ku Ndunde wapansi. Sanapitenso.

Njala ya 2002 inawapeza atakalamba kwambiri. Anthu ankadya mizu ya nthochi, ndipo aliyense ankalondera munda wake chifukwa chimanga chinkabedwa chisanakhwime. Ogwidwa ankamenyedwa koopsa, ena kudulidwa makutu. A Mateyo nawo ankaswera m'munda ndi ndodo, a Anjelina atagona m'nyumba miyendo itatupa.

Tsiku lina masana anamva mapesi akuthyoka. Anapeza mayi wamwana kumsana akuponya chimanga chachiwisi m'chitenje. Sanali wa m'mudzimo. Atawaona sanathawe, mwina chifukwa analibe mphamvu. M'munda woyandikana nawo munali amuna awiri akulondera ndi zikwanje, ndipo kukuwa kumodzi kokha kukanawabweretsa. A Mateyo anamulozera njira ya kudambo, kumene sakanaoneka, ndipo mayiyo anapita ndi zimene anathyolazo.

Madzulo anawafotokozera akazi awo. A Anjelina anamvetsera maso atatseka, kenako anafunsa kuti mayiyo akakauza anzake kuti kuli munda wa mkulu wosakuwa, iwo adzadya chiyani. Mmawa mwake a Mateyo anapeza mizere itatu ya kumapeto kwa munda ili mapesi okhaokha. Anatola tizitsononkho tanthete timene tinagwera pansi, nkupita nato kunyumba kukawawiritsira a Anjelina.