Chikole cha Keziah

Mng'ono wanga Keziah analeka kuseka mu Okutobala 1959. Anali ndi zaka khumi ndi zisanu, ndipo anali kukhala nafe ku Boma la Petauke. Kunatsala masabata atatu kuti alembe mayeso a Sitandade Sikisi.

Ine ndine wamantha. Khanda langa likatsokomola kamodzi, ndili kale pa njila ya kuchipatala. Chotelo ndinaona zonse: chakudya chotsala m'mbale, mabuku osatsegula, anzake akubwezedwa pakhomo. Basi ya ku Lusaka ikalila pa mseu, iye anali kuimilila.

Lachinayi ndikuchapa, ndinapeza mpango wofiila m'thumba la dilesi lake. Munali kalata ya Whiteson, mnyamata wa ku Nyimba amene anapita kukafuna nchito ku migodi: "Unalandila chikole changa, ndiwe wanga. Loweluka ukwele basi."

Mpangowo ndiwo unali chikolecho. Ndinathamangila kwa anansi athu, Amai Ennie Lungu, namwino, n'kuwaonetsa kalatayo.

"Ndiuotcha mpangowu, amai. Kenaka ndimukwapule."

"Mukatelo, Loweluka akwela ndithu," anatelo. "Pa msinkhu uwu mtima umathamanga, nzelu zikali kukwawa. Kukonda si matenda. Chomudwalitsa n'chakuti akusenza yekha. Mufunseni, musamuweluze."

Masana ine ndi Keziah tinakhala pa mphasa tikusenda nshawa. Ndinaika mpango pakati pathu.

"Iwe Keziah, kansalu aka kakulemela bwanji?"

Anayamba kulila.

"Akulu anga, ndimamukonda. Ndikatsegula buku ndimaona nkhope yake. Kupita ndikuopa. Koma ndinalandila, ndamangika."

"Amalume anachiona chikolecho?"

"Iyai."

"Ndiye sichimanga munthu. Ukafuna, achibweze. Whiteson ngati ali woona, adzabwela poyela ukatsiliza sukulu."

Anavomela ndi mutu. M'mawa mwake amalume Febian anapita nacho ku Nyimba, kwa makolo a mnyamatayo.

Loweluka basi inalila. Keziah anaimilila. Ine ndinakumbatila khanda mpaka linadandaula. Keziah anayang'ana fumbi la pa mseu kufikila litatha, ndipo anakhalanso pansi n'kutsegula buku la masamu.

Analila sabata yathunthu. Kenaka anayamba kudya, anzake anabwelanso, ndipo mayeso anakhoza.

Makolo anzanga, chikondi chobisa chimadya mtima ndi nzelu za mwana. Mukaona wasintha, musayambe ndi chikwapu. Khalani naye pansi, mumumvele.