Ndikafunse Kaye Abwana

Kwa zaka khumi ndi zinayi mayi wina ankayendera makina pakampani yaikulu ya sopo, kuona ngati sangavulaze anthu. Akapeza vuto ankalemba lipoti, abwana n'kusayina. Zikavuta, oyankha mlandu anali abwanawo. Mwezi watha anasiya ntchitoyo. Anadinditsa makadi akuti mlangizi, n'kuika desiki m'kachipinda komwe ana ankasungiramo njinga. Mwamuna wake anangoti, "Baji yakuntchito ija musataye, amake mapasa."

Woyamba kumuitana anali mwini fakitale yaing'ono ya juwisi. Atafika, mayiyu anazungulira boyila, chithanki chowiritsira madzi, kawiri. Paipi ya nthunzi inali itadyeka ndi dzimbiri, ikulira ngati ketulo, ndipo pansi pake anthu asanu ankatsuka mabotolo.

"Tiuzenitu, amayi," anatero mwini fakitale. "Tizimitse kapena ayi? Oda ikufunika Lachisanu. Mukandizimitsira pachabe musadzapondenso pano, ndipo anzanga onse ndiwauza."

"Ndikafunse kaye abwana."

Mawuwo anangotuluka okha. Bamboyo anatembenuza khadi lija uku ndi uku.

"Abwana ake ati? Apa pali dzina limodzi. Kapena mukunena abambo akunyumba?"

Otsuka mabotolo anaseka chobisa. Mayiyu anatuluka panja n'kutulutsa foni. Chala chinapita chokha pa nambala ya abwana akale. Akaimba, mawa ofesi yonse idziwa kuti zamukanika. Akazimitsa boyila paipi ili bwinobwino, bizinesi yake yafera m'mazira. Akati pitirizani? Anasuzumira pawindo. Mmodzi mwa otsuka aja anali woyembekezera, ndipo mutu wake unali pansi penipeni pa paipiyo.

Anaponya foni m'chikwama osaimba, n'kulowanso.

"Ati bwanji abwana anu?"

"Ati zimitsani pompano. Bweretsani pepala asayine."

Pepala litabwera, mayiyu anasayina yekha, dzina lake lili lokhotakhota ngati nyongolotsi. Bamboyo analiyang'ana nthawi yaitali, kenako anakuwa kuti azimitse. Paipi inasiya kulira, m'fakitale munangoti zii.

"Mawa m'mawa tiitsegula paipiyi, tione m'kati," anatero. "Mukhalepo. Inu ndi abwana anuwo."

"Tikhalapo," anayankha mayiyu.