Matumbo Atanyanyala

Nkhani iyi anandiuza ndi wometa wina pa siteshoni ya basi, lumo lili pakhosi panga, choncho sindinamudule mawu. Iye anagonapo m'chipatala chifukwa cha bala la pamwendo, ndipo pabedi loyandikana naye panali bambo wokonza mapaipi a madzi, amene wodi yonse inkawatchula kuti a Sipanala.

A Sipanala anabwera matumbo atapotana. Madokotala anawang'amba pamimba, anadula chigawo chimene chinali chitada, n'kulumikiza mbali ziwirizo ndi ulusi. Atatsitsimuka anapeza dilipi pamkono, kapaipi kolowera m'mphuno mpaka m'chifu, ndi lamulo limodzi: pakamwa pasalowe kanthu kufikira ataphwisa.

Lamuloli linasangalatsa odwala anzawo. M'mawa uliwonse wometa uja ankatembenuka n'kufunsa, "Achimwene, wailesi ija yagwira?"

"Iwe usamale. Ndikachira ndidzakutsekera madzi."

Koma masiku ankapita, wailesi osalira. Nesi wamkulu ankabwera ndi chomvera chake, n'kuchiika pamimba apa ndi apo, maso ali kudenga. Wodi yonse inkakhala chete kumuthandiza kumvetsera. Kenako ankapukusa mutu.

"Sisitala," anatero a Sipanala tsiku lina, "ntchito imeneyi ndi yanga. Paipi ikatseka simukhala n'kumaiyang'ana. Mumathira madzi kumtunda mwamphamvu, zonse zimatsika."

"Paipi yanu ilibe moyo, bambo. Matumbo amadzifinya okha, kumbuyo akafinya kutsogolo amamasuka, ngati dzanja likamakama ng'ombe. Ali ndi mitsempha yawoyawo, sadikira kuti mutu uwatume. Ndiye akagwiridwa ndi manja a anthu amanyanyala, amangoti zii. Mukathira chakudya panopa chikaunjikana pamene tasoka paja, ndipo ulusi ukadali wanthete."

"Nanga njalayi ikuchokera kuti ngati agona?"

Nesi analoza thumba lopachikidwa pansi pa bedi, mmene kapaipi ka m'mphuno kankathira madzi obiriwira. "Mukamva fungo la chakudya cha anzanuwa, malovu amadzadza m'kamwa, chifu nacho chimayamba kuthira madzi ake. Koma kumunsi kulibe wolandira. Kapaipika ndi kamene kakukupulumutsani, kakutulutsa zimene zikanakutupitsani."

A Sipanala anayang'anitsitsa thumbalo nthawi yaitali. Nesi atachoka ananong'oneza wometa, "Waona? Vuto ndi limeneli. Pali podontha. Mphamvu yonse ikuthawira m'thumba, ndiye zitsika bwanji?"

Wometa anaseka, poganiza kuti ndi nthabwala.

Akazi awo a Sipanala ankabwera masana aliwonse. Anali mayi wofatsa, amene kwa zaka zambiri anaona amuna awo akugwada pa ngalande zimene ena analephera, n'kudzuka madzi akuyenda. Ankakhala pampando n'kumayang'ana masaya a bamboyo akulowa mkati.

"Bambo a ana, mwatha. Kolala ya malaya ikuchita kulendewera."

"Ndikuuza chochita, mayi. Sendera kuno."

Tsiku lotsatira, nthawi yoona odwala, manesi anamutengera wometa kuchipinda china kukatsuka bala lake. Pobwerera anapeza katani ya bedi la a Sipanala itakokedwa. Kuseri kwake kunamveka kuti tsii, botolo la chakumwa cha gasi likutsegulidwa. Anakankha kataniyo ndi ndodo yake. Pabulangeti panali nyenyeswa za buledi ndi makoko a mazira. Botolo limodzi linali kale lopanda kanthu. Kapaipi ka m'mphuno kaja anali atakapinda pawiri n'kukamanga ndi mphira wa kutsitsi kwa mayiwo, mfundo yake yaukhondo, ya munthu wodziwa ntchito.

"Achimwene, mwatani?"

"Khala pansi, wometa. Ine sindikuphunzitsa kugwira lumo."

Anapendeketsa botolo lachiwiri mpaka linatha, n'kumeza mokakamiza kuti asageye.

Wometa anakuwa kuitana nesi. Mayi wokolopa anati sisitala waperekeza wodwala wina kokajambulitsa, ndipo anasiya chokolopera chake n'kuthamangira komweko. Wometa anayesa kufikira mphira uja koma a Sipanala anamugwira dzanja. Ngakhale anali atawonda, zala zawo zinali zija zomangira mabawuti.

Mimba inayamba kukwera. Inakankha bulangeti, khungu likunyezimira, bandeji ikukokeka m'mbali. Thukuta linatsika m'khosi mwawo. Ankapuma pang'onopang'ono, pamwamba pokha, mano atakukuta chitsulo chosaoneka.

"Bambo a ana, timasule kaye," anatero mayiwo.

"Usakhudze! Ikafika apa ndiye kuti yatsala pang'ono."

Odwala ena onse anali atadzuka, aliyense atakhala pabedi pake. Pawindo ntchentche inkagunda galasi.

Mwadzidzidzi a Sipanala anatulutsa mpweya wautali m'kamwa. Mapewa anagwa, zala zinamasuka, nkhope inasalala. Anamwetulira.

"Basi," anatero. "Yatseguka. Ndamva yokha ikuti phu, mkatimu. Ululu wapita."

Mayiwo anawomba m'manja kamodzi, misozi ili m'maso. Koma wometa anali atatchera khutu, ndipo wodi yonse inali itatchera khutu, ndipo palibe amene anamva kanthu kakutuluka.

Nesi analowa akuthamanga. Anaona mabotolo, anaona mphira, anaudula ndi sizasi osafunsa funso. Madzi akuda anathamangira m'thumba. Kenako anaika dzanja pamimba. Inali gwa ngati thabwa. Atachotsa dzanjalo a Sipanala anakuwa mawu amene wometa akuti sanawamvepo kwa munthu wamkulu.

"Sisitala, akuti yatseguka," anatero mayiwo. "Si zimene timadikira?"

Nesi anali akumasula kale mabuleki a bedi ndi phazi. "Yatsegukira mkati, mayi. Gwirani dilipiyi m'mwamba, musaitsitse. Tiyeni."

Anakankha bedi kudutsa pakati pa odwala, mayiwo akutsatira mkono uli m'mwamba, nsapato imodzi itatsalira pansi pa mpando. Pakhomo la chipinda cha opaleshoni anawalanda dilipi ija n'kuwauza kuti adikire panja. Wometa akuti mpaka dzuwa linapendeka ankawaonabe kudzera pagalasi la chitseko cha wodi, ataima pomwepo, osakhala pansi ngakhale benchi inali kumbuyo kwawo.